Kyutekisi Wofiira pa Pulagi

Amuna anga anawatsekera Lachinayi, tsiku lomwe ndege inakagwera m'munda wa chinangwa ku Chiwanda. Lachisanu m'mawa ndinali kale pa polisi ya Mbamba Bay, tiyi m'fulasiki, mandazi m'kapepala, mkwiyo mpaka pakhosi. Mantha analipo, sindikana. Koma mkwiyo ndi umene unakhala pamwamba.

Ine ndine Ketrina, ndimagulitsa zitenje pamsika. Kwathu ndi ku Nkhotakota. Tinawoloka nyanja zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, a Fexon, bambo a Tiyezge, atapeza ntchito yokonza kandege ka bungwe lina lonyamula odwala kuchoka m'midzi ya kunyanja kuno kupita nawo ku Songea. Kandege kamodzi, injini imodzi, makanika mmodzi. Woyendetsa nayenso mmodzi, ndipo mutu wanga unkawawira pamenepo. Dzina lake Beata. Wamtali, wosakwatiwa, woseka ndi mano onse, zikhadabo zili psuu. Kuno amamutchula kuti rubani, kutanthauza woyendetsa ndege, ndipo akamadutsa pamsika amuna amaiwala chimene abwera kudzagula.

Afande Silvanus, wapolisi wofufuza milandu, anandikhazika pa benchi. Ndi munthu wolankhula pang'onopang'ono, moti Chiswahili chake ndinachimva chonse, kuyambira pa pole, pepani wa kuno.

"Pole, mama Tiyezge. Palibe wamwalira, tiyambire pamenepo. Rubani wathyoka mwendo, nesi amene anali naye wangosupuka pamphumi. Koma katswiri wa ndege amene wabwera wamasula injini, ndipo akuti iyi si ngozi. Mu injini munalowa chinthu chimene sichinkayenera kulowamo. Ndi dzanja la munthu."

"Chinthu chanji?"

"Zimenezo mukazimvera kukhoti."

"Nanga amuna anga mwawatsekeranji? Munthu angaononge ntchito imene ikumudyetsa?"

"Funso limenelo ndawafunsa kanayi. Injini anaigwira Lachitatu ndi iwo, anasayina ndi iwo. Makiyi a shedi ya ndege ali ndi anthu atatu: iwo, rubani, ndi mlonda Januari. Mlonda akuti sanachoke pakhomo ndipo sanaone munthu. Amuna anu akanangondiuza kuti ndikukayikira uje, ndikanakhala ndi poyambira. Koma angoti duu." Anatseka faelo yake. "Lolemba m'mawa galimoto ikuwatengera ku Songea. Mlandu woononga ndege dala si wa miyezi, mama. Ndi wa zaka, zambiri ndithu."

Anandilola kuwaona kwa mphindi zisanu. Ndinawapeza atakhala pansi, akadali mu ovolosi, opanda nsapato.

"Bambo a Tiyezge, lankhulani. Anakhudza injini ndani?"

"Mwana wapita kusukulu?"

"Ndikufunsa za injini ine."

"Ndinamanga ndine, ndinasayina ndine. Pitani kunyumba, mayi a Tiyezge."

Sanandiyang'ane kumaso. Maso awo anali pa manja anga pamene ndinagwira zitsulo za chitseko, kenako anayang'ana kukhoma.

Takhala m'banja zaka khumi ndi zinayi. A Fexon sadziwa kunama. Akafuna kubisa kanthu amangotseka pakamwa. Ndinaona pomwepo kuti akubisa munthu. Ndipo mwamuna salolera ndende chifukwa cha mlonda. Amalolera chifukwa cha mkazi.

* * *

Musafulumire kunditcha wansanje chabe. Umboni ndinali nawo.

Lachiwiri la sabata lomwelo, ndikuchapa ovolosi yawo ina, ndinapeza kabotolo ka kyutekisi m'thumba la pachifuwa. Wofiira. Ine zikhadabo zanga zinatha ndi sopo, sindipaka kanthu. Tiyezge ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mtundu umenewo ndinkaudziwa bwino kumene umakhala.

Lachitatu masana ndinasiyira mnzanga zitenje, ndinakwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, mpaka kubwalo la ndege, kabotolo kali m'manja. Shedi ndinaipeza yotsegula, mulibe munthu. Uko kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, awiriwo anali chiimire pafupi ndi migolo ya mafuta, akuseka. Kuseka kwenikweni, kogwira m'mimba. Kunyumba a Fexon amaseka kamodzi pamwezi.

Ndinalowa m'shedimo. Ndinafufuza m'madilowa onse a tebulo lawo, kufuna kalata kaya chithunzi, osapeza kanthu. Zimene ndinagunda pofufuzapo ndinazibwezera m'malo mwake, chifukwa ine si mkazi wosiya zinthu zili mbwee. Kabotolo ndinakaimika pakati penipeni pa tebulo kuti akakaona adziwe kuti ndadziwa. Kenako ndinabwerera kumsika.

Madzulo anafika, ndinawathirira madzi osamba m'manja, iwo n'kunena kuti, "Zikomo pondibweretsera kabotolo kaja, ndimakafuna."

Basi, zomwezo. Opanda ndi manyazi omwe! M'mawa mwake anapita kuntchito tisanalankhulane.

Choncho potuluka pa polisi paja ndinalumbira kuti Lolemba lisanafike ndimupeza amene waononga ndegeyo, ndipo akakhala Beata ndivina pamsika. Zoti munthu angaononge bwanji ndege yoti akwera yekha, sindinafune kuziganizira.

* * *

Ndinayamba ndi mzee Polycarp, makanika wokalamba, chifukwa tauni yonse imadziwa kuti amadana ndi amuna anga. Kandegeko anakasamalira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Maso atayamba kufooka anamupumitsa, n'kuitana a Fexon. Masiku ano amakonza mainjini a maboti kuseri kwa doko, pansi pa malata atatu.

"Shikamoo, mzee," ndinapereka moni wa kuno wolonjerera akulu.

"Marahaba. Mkazi wa Mmalawi. Wabwera kudzaona ngati ndikuvina?"

"Lachitatu munali kuti?"

"Tamuonani, wasanduka afande." Analavula pambali. "Ndinali ku Lituhi kuyambira Lolemba, kukaika mlongo wanga. Bokosi ndinanyamula nawo. Wansembe anandiona, mudzi wonse unandiona. Ndabwerako dzulo madzulo pa boti la Isaya, ndege yanga itagona kale m'chinangwa. Kafunse Isaya, ali apoyo akuwotcha phula."

Anati ndege yanga. Ndinamva mmene mawuwo anatulukira, chifukwa nanenso ndimawatula chimodzimodzi ndikamati amuna anga.

"Apolisi sakundiuza chimene chinalowa mu injini."

"Sangakuuze. Koma katswiri wawoyo ndinamuphunzitsa ndine kugwira sipanala. Ndi mapulagi." Anatola kachinthu pa tebulo lake, ka mutu wautali woyera, n'kukaimika pamphuno panga. "Kamoto koyatsa mafuta mu injini kamachokera apa. Ndege ija ili ndi masilinda anayi, ndipo silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ina pamwamba ina pansi, kuti ina ikafa inzake ipitirize. Ikauluka maola makumi asanu umamasula onse asanu ndi atatu. Umakolopola mtovu umene mafuta a ndege amasiya, umayeza kampata ka moto ndi kawaya, kenako umasinthanitsa: yapamwamba itsike, yapansi ikwere, kuti asadyeke mbali imodzi. Ndipo sugula iliyonse yomwe yakukomera m'maso. Buku la injini limatchula nambala yake, yaitali pang'ono imagunda pisitoni. Ukundimva?"

"Ndikumva."

"Sukumva, koma khala chete. Choyera ichi," anagogoda ndi chala, "n'chimodzimodzi kapu ya tiyi. Pulagi ikagwa pa simenti kamodzi, yafa. Mng'alu wake suoneka ndi maso. Umadikira injini itenthe, iwe uli kumwamba, ndiye umatseguka. Ya boti ukhoza kuyesa mwayi, ikazima upalasa. Kumwamba kulibe nkhafi."

Ndinakayang'ana kachinthu koyera mutuko. M'shedi ya amuna anga ndinali ndisanaonemo kotere, choncho sindinakalabadire.

"Mu silinda yachitatu apezamo mapulagi awiri, onse ong'aluka," anapitiriza. "Ina mwa iwo inali yakufa kalekale, yotayidwa. Wina anaidzutsa."

"Ndiye mukuti amuna anga anaika yakufa?"

Anabwezera pulagi ija pa tebulo, nkhope ili ngati wameza kwinini.

"Mwamuna wako ananditengera ndege yanga. Ikamadutsa pamwamba apa ndimasiya sipanala, kutchera khutu kuti ndimve ikutsokomola. Zaka zisanu ndi chimodzi, sinatsokomolepo. Zimandidya m'kati, koma ndinena: uja sangamange pulagi yakufa ngakhale ataledzera. Pali amene akumubisa."

"Ndani?"

"Amakhala naye tsiku lonse ndani? Amamupatsa tofiira tija ndani? Kafunse rubani wake."

Rubani wake. Ndinachoka osatsanzika.

* * *

Loweruka ndinapita kuchipatala nditanyamula nthochi, chifukwa kwathu wodwala sitimuonera chimanjamanja. Beata ndinamupeza mwendo uli m'chikhakha, tsitsi lili nyankhalala, milomo youma. Ngakhale choncho anali wokongola, ndipo zinandinyansa.

"Dada Ketrina! Karibu. Fundi ali bwanji? Akudya?"

Pakamwa dada, ndiye kuti chemwali, koma funso loyamba fundi: amuna anga, makanika wake. Ndinaika nthochi pa kabati mwamphamvu.

"Akudya. Tandiuzani zinayenda bwanji."

Amalankhula mothamanga, ngati munthu wozolowera kuti anthu azimumvera. "Pansi zonse zinali bwino. Ndisananyamuke ndimayesa nthawi zonse: ndimazimitsa mzere umodzi wa mapulagi, kumvetsera, kenako mzere winawo. Yonse iwiri inalira bwino. Mphindi khumi tili pamwamba pa madzi, injini inayamba kugwedezeka ngati chigayo chameza mwala. Ndinakhotera kumtunda. Ndinaona miyala, ndinaona chinangwa, ndinasankha chinangwa."

"Nanga Lachitatu?"

"Fundi anamasula mapulagi onse m'mawa. Anawatsuka, anawayeza, n'kuwandandalika pa thabwa lake. Dzuwa lili pamutu kunabwera lole ya mafuta, tonse awiri tinapita kukalandira migolo. Ola limodzi. Titabwerera anawamanga mu injini. Ndiye amene anachita zimenezi anachita mu ola limenelo, ndipo ine ndi fundi tinali limodzi. Dalaivala wa lole ndi mboni."

Mboni ina inali ine, koma sindinanene.

"Mlonda akuti sanachoke pakhomo," ndinatero.

"Januari? Ine ndinamuona akubwera cha m'ma 2 koloko, thalauza yonyowa mpaka m'maondo, kampango ali m'manja. Kampango samera pakhomo la shedi. Afande atabwera dzulo ndinali ndili mtulo ta mankhwala, sindinawauze."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Zoti chitseko chinali chotsegula ndipo mlonda panalibe ndinaziona ndi maso anga. Ndiye kuti chigawengacho chinalowa ine ndisanafike, kapena nditangochoka. Ndinadziyamikira kuti ndikudziwa zambiri kuposa apolisi.

Ndikanatsanzika pomwepo. Koma maso anga anagwera pa zala zake pamwamba pa bulangeti.

"Kabotolo ka kyutekisi kamene kanali m'thumba mwa amuna anga n'ka ndani?"

"Kanga. Ndinamupatsa ndine."

Osaphethira n'komwe.

"Ndiye mukuvomera."

Anandiyang'ana, kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. "Iwe. Ndagwa kuchokera kumwamba, mwendo uli zidutswa ziwiri, mwamuna wako akupita kundende, ndiye wabwera kudzandifunsa za zikhadabo? Tenga nthochi zako. Ukafuna kudziwa ntchito ya kabotolo kaja, pita kwa Januari akakuonetse chingwe chake cha mbedza."

* * *

Januari ndinamupeza Lamulungu anthu atangotuluka m'tchalitchi, ali pa miyala kumbali kwa doko, akukapa madzi m'bwato. Atandiona anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. Amanditcha shemeji, ndiye kuti mlamu.

"Shemeji, pole sana, pole sana. Fundi ndi munthu wa Mulungu. Ine ndimamupempherera, akazi anga akumupempherera, ana onse asanu ndi mmodzi..."

"Lachitatu masana munali kuti, a Januari?"

"Pakhomo, shemeji. Pampando panga paja."

"Kampango anakupezani pampando?"

Chipewa chinagwera m'madzi. Anachivuula, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Shemeji, chonde. Ntchito yanga itha. Ndinangothamangira kudzaonjola mbedza, kanthawi kochepa, ndinati fundi ali pafupi. Chitseko ndinaiwala kukhoma. Ndani amaba m'shedi masana dzuwa likuswa mtengo? Zaka zonsezi sipanasowepo ndi msomali womwe."

"Ndionetseni chingwe chanu cha mbedza."

Anadabwa, koma anakoka chingwe m'bwatomo. M'munsi mwa mbedza munalendewera tizitsulo totuwa, tonenepa, totalika ngati chala, tokhala ndi mizere yomangira ngati ya bawuti. Kalikonse kanali ndi mzere wofiira m'chiuno.

Ndinatidziwa tizitsuloto.

"Mabawuti amenewa mwawatenga kuti?"

"Si mabawuti, shemeji. Mapulagi a ndege awa."

"Ayi. Pulagi ili ndi mutu woyera. Ndinaiona kwa mzee Polycarp."

"Imeneyo ndi ya boti. Ya ndege kunja n'chitsulo chokhachokha, choyera chake chimabisala m'kati. Tasuzumirani."

Ndinasuzumira m'kabowo. Choyera chija chinalimo, m'kati mwenimweni.

Januari, ataona kuti za kampango ndazisiya, lilime linamasuka. "Fundi ikangomupulumuka m'manja, ngakhale kuchokera pabondo pokha, saiyang'ananso kawiri. Amadandaula tsiku lonse ngati wamwalira wachibale. Ndiye amaipaka kyutekisi wa rubani, akuti penti wa m'chitini amauma asanathe, n'kuiponya m'chitini cha akufa pansi pa tebulo. Akachuluka amandipatsa ine, amamiza mbedza bwino kuposa miyala. M'chitinimo munali asanu, ndinkawayembekezera. Lachinayi ndinapezamo anayi. Posesa ndinapezanso ina yoyera bwinobwino, yopanda chofiira, itagubuduzikira kuseri kwa mgolo wa oilo. Ndinaipereka kwa afande. Ndiye katswiri uja anati wina anachotsa yamoyo pa thabwa, n'kuikapo yakufa, atapala chofiira chija kuti fundi asaone. Kunangotsala kadontho m'kona. Munthu woipa mtima, shemeji. Wodziwa ntchito."

"A Januari." Mawu anga ndinawamva ngati akuchokera patali. "Nanga thabwa lonse litagwa? Onse asanu ndi atatu, pa simenti?"

Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Musanene zimenezo ngakhale mocheza."

Ndinakhala pa mwala.

Lachitatu lija, ndikukoka dilowa yomaliza mwaukali, chigongono changa chinagunda kathabwa ka mabowo kamene kanali m'mphepete mwa tebulo. Timabawuti tinamwazika pa simenti. Ndinatola, kupukuta ndi chitenje, kubwezera m'mabowo. Asanu ndi awiri. Bowo limodzi linatsala lili yasa. Ndinagwada kufunafuna, n'kuona chitini pansi pa tebulo muli ena ofanana ndendende. Ndinatolamo kamodzi. Kanali kopakidwa kyutekisi. Mtima unandiphulika: mpaka pa zitsulo za mwamuna wanga wasiyapo chizindikiro chake! Ndinapala ndi chikhadabo cha chala chachikulu, mano ndikukukuta, mpaka chikhadabo chinathyoka ndipo chofiira chinachoka. Ndinakaika m'bowo muja. Thabwa linaoneka bwino kuposa mmene ndinalipezera, ndipo ndinatuluka nditakweza mutu.

Masiku atatu ndakhala ndikuzungulira tauni kusaka chigawenga, kumachita kukwera nacho bodaboda.

* * *

Ndikanatha kukhala chete. Ndinene zoona, ndinaziganizira. Palibe anandiona. Januari sankadziwa, Beata sankadziwa, ndipo amuna anga anali atasankha kale. Masana onse a Lamulungu ndinamuluka Tiyezge tsitsi, mizere ing'onoing'ono yoti ikhale nthawi yaitali osamasula. Iye ankadandaula kuti ndikumukoka. Ndinamuchapira mayunifolomu onse awiri, ndinamuonetsa pamene ndimasunga makiyi, ndipo Lolemba m'mawa ndinamuperekeza mpaka pageti la sukulu, zimene sindinachitepo chiyambire sitandade wani.

Pa polisi ndinapeza galimoto italiza kale injini. A Fexon anali atawatulutsa, unyolo uli m'manja, Afande Silvanus ali pambali pawo ndi faelo m'khwapa.

"Mphindi ziwiri, mama," anatero afande, n'kusuntha pang'ono.

Ndinaima patsogolo pawo. Ndinalankhula Chichewa, motsitsa mawu.

"Munadziwa liti?"

"Pitani kunyumba, mayi a Tiyezge."

"Ndakumana ndi a Januari. Ndaona chingwe cha mbedza. Munadziwa liti?"

Anapumira m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi anandiyang'ana m'maso.

"Lachitatu madzulo, mukundithirira madzi, ndinaona chikhadabo chathyoka, m'kati mwake muli tofiira. Ndinati mwina mumayesa kupaka, ndinakondwera n'kukondwera. Lachinayi katswiri atandionetsa pulagi yopalidwa ija, ndinamvetsa."

"Bwanji osanena?"

"Ndinene kuti chiyani? Mlandu ulinso ndi ine. Kabotolo ndinakaona pa tebulo, ndinadziwa kuti mwalowa. Ndinayenera kukufunsani ngati munakhudza kanthu, ndisanamange ndi imodzi yomwe. Sindinafunse. Ndipo mwana wamkazi angakule bwanji mayi ake ali ku Songea?"

"Ine ndimati mukubisa uja."

Sanakwiye n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama. Manyazi anandigwira kuyambira kumapazi. Ndinali nditatsala pang'ono kupha akazi awiri osalakwa, ndipo mwamuna amene ndinkamulondalonda ngati mbala ankapita kundende m'malo mwanga.

Komabe nsanje ndi matenda oipa. Ngakhale pamenepo, galimoto ikulira, kafunso kena kankandilumabe.

"Ndifunse chimodzi chokha. Lachitatu lija, pansi pa mango, munkaseka chiyani?"

Anaganiza pang'ono, ngati munthu wokumbukira za chaka chatha.

"Ndinamuuza rubani kuti kabotolo kandisowa, mwina ndakasiya mu ovolosi ya kunyumba. Iye anati, 'Fundi, mlamu akakapeza, watha.' Ine ndinati, 'Ayi, akazi anga amandidziwa.'"

Afande Silvanus anayang'ana wotchi, n'kuwagwira pamkono.

"Afande," ndinatero m'Chiswahili, mokweza kuti ndisabwerere m'mbuyo. "Uzani dalaivala azimitse galimoto."

"Mayi a Tiyezge, musatero," anatero a Fexon.

Ndinatambasula dzanja pamwamba pa faelo ya afande, chala chachikulu chili pamwamba, chikhadabo chothyoka chija chikuonekera.

"Tengani cholembera. Yambani ndi Lachitatu masana."